Chigawenga chasamukira m'buku lachikondi

Tchuthi chapitachi kunyumba kwanga kunabwera mlendo, mwana wa achimwene anga, mtsikana wa zaka 19 amene akudikira kupita ku koleji. Masana ankagwira ntchito zapakhomo bwinobwino, koma ikangokwana 9 koloko usiku ankalowa m'bulangete ndi foni yake, kuwala kwa foniyo n'kumatulukira pansi pa chitseko mpaka atambala oyamba. Ine ndinaganiza zimene azakhali aliyense angaganize. Tsiku lachitatu ndinamufunsa kuti mnyamatayo ndi wa kwa yani. Anaseka chikhakhali mpaka kugwira m'mimba.

"Anti, si mnyamata ayi. Ndi mabuku."

Anali nawo oposa 20 m'fonimo, onse achikondi, otumizirana pa WhatsApp ndi anzake a kusekondale. Tinapangana zosinthana. Iye ananditumizira atatu mwa akewo, ine ndinamupatsa langa limene ndinali nditangomaliza kumene, buku la kuphana la Richard Osman lotchedwa The Thursday Murder Club, lomwe ndinatola pa mulu wa mabuku akaunjika m'mbali mwa msewu ku Limbe. M'buku langalo anthu amafa ndithu, wina pokhomedwa ndi chitsulo m'mutu ali kukhitchini kwake, wina pobayidwa jakisoni wakupha. Koma ndinkaliwerenga ndikumwa tiyi, ndikatseka n'kugona tulo tofa nato. Amene anandisowetsa tulo ndi a mwanayo, omwe pachikuto amalonjeza chikondi.

M'mabuku amene akugulidwa kwambiri zaka zino, munthu woopsa wasamuka. Kale ankakhala m'buku la zaupandu, atekitivi ali pambuyo pake. Lero akukhala m'buku lachikondi, wavala suti, ndipo wowerenga akupemphedwa kuti amukonde.

Buku la Osman linatuluka mu 2020, anthu ku Britain ali pakati pa mliri wa Covid, ndipo linayenda malonda modabwitsa. Nkhani yake ndi ya okalamba anayi okhala kumudzi wa anthu opuma pantchito m'dera la Kent ku England, amene amakumana Lachinayi lililonse kuti afukule milandu yakale yomwe apolisi anaisiya osaimaliza. Kenako munthu aphedwa pafupi ndi iwo, masewera aja n'kusanduka zenizeni. Mtundu umenewu Angerezi amautcha cosy crime, kutanthauza kuphana kowerenga utafunda bwino. Si watsopano. Agatha Christie, amene anamwalira mu 1976, anaulima kalekale ndi gogo wake uja Miss Marple, yemwe buku lake loyamba linatuluka mu 1930. Osman anangotsitsimutsa munda wakale, ndipo ambiri amutsatira. Masiku ano m'mabuku otere mukupezeka abusa ofufuza milandu, ophika makeke ofufuza milandu, aliyense kupatula wapolisi.

Dandaulo langa ndi mabuku amenewa ndi limodzi: mulibe maliro. Kwathu kuno munthu akafa, chinthu choyamba kumveka ndi kulira, funso loti wapha ndani limabwera pambuyo. Uthenga upite kwa amfumu, masamba aikidwe pamsewu, amayi adzaze m'nyumba ya siwa, abambo azungulire moto panja, kwaya iimbe mpaka kuche, adzukulu alawirire kumanda ndi makasu. Ngakhale womwalirayo akhale wakuba nkhuku wodziwika mudzi wonse, pali mayi wina amene akugubuduka pansi chifukwa anamuyamwitsa. M'mabuku ofundawa mtembo ndi ndagi chabe, yoti ochenjera aimasule. Wolemba amayamba wakudanitsa naye munthu woti aphedweyo, wadyera, wamwano, wopondereza anzake, kuti akagwa usataye misozi, ungoti wadziwa yekha n'kutembenuza tsamba. Ndinafika pakati pa bukulo ndikudzifunsa kuti kodi anthu awiri afawa analibe achemwali?

Komabe ndinalikhululukira, chifukwa chisoni chake linachiika pena. Mmodzi mwa okalamba aja, Elizabeth, ali ndi mwamuna amene mutu ukumuthawa pang'onopang'ono ndi matenda oiwalaiwala, ndipo mayiyo akubisa zimenezi kuti asamulande. Mnzawo wina amene anayambitsa nawo gululo wagona chigonere kuchipinda cha odwala, sakulankhula, iwo n'kumapita kukamufotokozera mmene mlandu ukuyendera ngati akumva. Pamenepo ndiye pali bukulo. Kuphana kuja n'chifukwa chongopezera kuti nkhalamba zidzuke m'mawa zili ndi chochita. Ndipo ngakhale lipepuse imfa, palibe pamene limanamiza wowerenga kuti kukhomedwa chitsulo m'mutu ndi chizindikiro chakuti wina amakukonda.

Mabuku a mwana wa achimwene aja amatero.

Loyamba limene ndinatsegula ndi lochokera ku South Africa, Hlomu the Wife, lolembedwa ndi mtolankhani Dudu Busani-Dube. Anadzisindikizira yekha mu 2015, popanda kampani yaikulu kumbuyo kwake, amayi n'kumauzana pakamwa mpaka linafalikira ngati moto wolusa. Mu November 2021 Showmax, kampani yoonetsa makanema pa intaneti, inayamba kulionetsa ngati sewero la pakanema lotchedwa The Wife, ndipo ambiri kuno analidziwira pamenepo, makamaka amene ali ndi abale ku Joni. Nkhani yake ndi ya Hlomu, mtsikana wa ku Durban amene wapita kukagwira ntchito ya utolankhani ku Johannesburg, n'kukumana padepoti ndi Mqhele Zulu, yemwe akuoneka ngati dalaivala wamba wa minibasi. Pang'onopang'ono azindikira kuti Mqhele ndi abale ake, anyamata asanu ndi atatu a bere limodzi, ndi eni ake a maminibasiwo, ndipo chuma chawo china n'chamagazi.

Ndisaname, bukuli ndi lokoma. Mayi ameneyu amadziwa kulemba anthu olankhula ngati anthu, amadziwa fungo la depoti ndi phokoso la banja lalikulu, ndipo sanafune chilolezo cha aliyense kuti alembe za akazi akuda a m'tauni mmene iwo amadzionera. Ndinawerenga masamba 100 osadzuka pampando. Ndiye panafika pamene Mqhele amenya Hlomu. Wolembayo sanabise, sanakometse, kumenya kwake n'koopsa. Hlomu achoka, kenako abwerera. Adzamenyedwanso. Akhalabe. Ndipo bukulo likamatha, munthu amene wakhazikika mumtima mwa owerenga ambiri ndi Mqhele yemweyo. Mwana wa achimwene anga anandiuza kuti pagulu lawo la pa WhatsApp, mtsikana akapeza mnyamata wansanje anzake amamuyamikira kuti wapeza Mqhele wake.

Awiri enawo anali a ku America, a mtundu umene atsikanawa amautchula m'Chingerezi kuti dark romance, umene wakula kwambiri chifukwa cha owerenga ouzana za mabuku pa TikTok. Sinditchula mayina awo, n'zosafunika, chifukwa mwamuna wake ndi mmodzi yemweyo wongosinthidwa dzina. Ndi wolemera, ndi wamtali, salankhulalankhula. Amadziwa kumene mtsikanayo ali nthawi iliyonse popeza anamutchera kachipangizo m'foni. Amaopseza mnyamata aliyense womupatsa moni. Amamusankhira zovala, amamuchotsa ntchito kuti azikhala pakhomo, ndipo m'buku limodzi anachita kumuba n'kumutsekera m'nyumba. Mwamuna ameneyu ndamuonanso akulankhula Chichewa m'nthano zimene achinyamata athu amalemba m'zigawozigawo pa Facebook. Kumeneko amayendera galimoto ya magalasi akuda ndipo amakhala ku Area 43.

Tsopano tengani mndandanda womwewo wa zochita zake, muuike m'buku la atekitivi. Mwamuna wofufuza foni ya mkazi, womulekanitsa ndi anzake, womuletsa ntchito, wodziwa paliponse pamene wapondapo. Wowerenga aliyense wa mabuku a zaupandu akaona zimenezi pa tsamba 40 amadziwiratu kuti pofika tsamba 200 mayiyu apezeka m'chitsime, ndipo wakupha sitimusaka kutali. M'buku limenelo zimenezi ndi umboni. M'buku lachikondi zinthu zomwezo, osasintha ngakhale chimodzi, zasanduka umboni wa chikondi.

Chimene chimachititsa si kuipa mtima kwa olemba. Ndi lamulo la mtundu wa bukulo. Buku la zaupandu lili ndi pangano lake ndi wowerenga, lakuti pomaliza udziwa amene wapha. Lachikondi nalo lili ndi lake, lomwe kampani ya Mills & Boon, imene inayamba ku London mu 1908, inalemererapo kwa zaka zambirimbiri: awiriwa pomaliza akhala limodzi. Wowerenga amalidziwa panganoli asanatsegule tsamba loyamba. Ndiye chilichonse chochitika pakati, kaya ndi kusamvana, kaya ndi apongozi ovuta, kaya ndi mtunda, amachiwerenga ngati chitunda cha panjira yopita ku ukwati. Ukaikapo mbama, mbama nayonso imasanduka chitunda. Wowerenga safunsanso kuti kodi mtsikanayu athawa liti. Amafunsa kuti kodi akhululukirana bwanji.

Ndipo wolemba ali ndi zida zothandizira kukhululukako. Nkhani imakambidwa ndi mkaziyo mwini, choncho timamuona mwamunayo ndi maso a munthu womukonda. Amatipatsa bala lake la paubwana. Anyamata a kwa Zulu aja makolo awo anaphedwa ndi gulu la anthu pa nthawi ya ziwawa zandale ku KwaZulu-Natal, iwo n'kuthawa ali ana, ndipo ukazimva zimenezo mtima umafewa. Akamenya amalira, amagwada, amabwera ndi mphatso, amalumbira kuti popanda iwe afa. Aliyense amene anakhalapo pa benchi ya ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi, kuperekeza mchemwali kapena mnzake wotupa diso, amaudziwa mndandanda umenewu pamtima. Kusiyana kwake n'kwakuti pabenchipo palibe amene analonjeza mathero abwino.

Pali buku limodzi lotchuka limene linayesa kuthyola panganoli, ndipo zimene zinalichitikira n'zophunzitsa. Colleen Hoover wa ku Texas anatulutsa It Ends with Us mu 2016, koma linadzaphulika patapita zaka zisanu chifukwa cha TikTok, moti mu 2022 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti mabuku a mayiyu anagulidwa kuposa Baibulo ku America chaka chimenecho. Muli Lily, wogulitsa maluwa ku Boston, ndi Ryle, dokotala wa maopaleshoni a ubongo, wokongola, wansanje, womenya. Hoover ananena poyera kuti anatengera zimene mayi ake omubereka anakumana nazo. Lily atangobereka mwana wamkazi, afunsa mwamunayo kuti mwanayu akadzabwera kwa iye atamenyedwa ndi mwamuna adzamulangiza chiyani, ndipo banja lithera pomwepo. Apa ndinawomba m'manja. Koma onani mmene amalonda analigulitsira: chikuto cha maluwa ofiirira, pa shelefu ya zachikondi, ndipo mu January 2023 analengeza zotulutsa buku la zithunzi zopaka chekeni lochokera pa nkhani yomweyi. Owerenga anakwiya, wolembayo anapepesa, bukulo silinatuluke. Nkhani ya mayi wokankhidwa pa masitepe inatsala pang'ono kusanduka chidole. Msika unaona maluwa okha.

Nditamuuza zonsezi mwana wa achimwene anga, anandiyankha mosanyengerera.

"Koma Anti, ndi nkhani chabe. Inuyo simunkawerenga James Hadley Chase? Munakaba kubanki kangati?"

Anandigwira pakamwa, ndipo funso lakelo si lachibwana. Ndinkawerengadi Chase, wolemba mabuku a zaupandu uja, pamodzi ndi timabuku ta Pacesetters timene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, tikubisa m'kati mwa buku la Biology. Sindinagwirepo mfuti. Ndikudziwanso kuti olemba ndi owerenga mabuku achikondiwa ambiri ndi akazi, akuluakulu, odziwa kusiyanitsa loto ndi moyo, ndipo munthu ali ndi ufulu wolota zoopsa ali pabedi pake potetezeka. Akazi akhala akunyozedwa kwa nthawi yaitali chifukwa cha zimene amawerenga, abambo akuonera mafilimu a nkhondo popanda wowafunsa. Za kuletsa mabuku ndiye musandiyambe. Tinakhalapo ndi Censorship Board ya lamulo la 1968, imene nthawi ya Kamuzu inkatisankhira choti tiwerenge, ndipo amene anakula nthawi imeneyo sangafune kubwererako.

Koma fanizo la banki lija lili ndi potayira. Nditatseka buku la Chase, dziko lonse londizungulira linkatsutsana nalo. Amayi, aphunzitsi, abusa, apolisi, onse ankanena chimodzi, kuti kuba n'koipa. Bukulo linali lokha. Mtsikana akatseka buku la mwamuna wansanje womenya, n'kutuluka panja, amapeza dziko likuvomerezana nalo. Ku bridal shower alangizi akumuuza kuti banja ndi kupirira. Ankhoswe akumubweza ndi chikwama chake kuti za m'nyumba sizitulukira pabwalo. Agogo akumuuza kuti mwamuna wopanda nsanje ndiye kuti ali ndi kwina, ndipo alipobe anthu onena osachita manyazi kuti kumenya ndi mankhwala a banja, ngakhale lamulo loletsa nkhanza za m'banja lakhalapo kuyambira 2006. Buku lotere limangobwereza malangizo a ankhoswe, koma mokoma kuposa mmene ankhoswe angathere, usiku, mtsikana ali yekha, mtima uli m'mwamba.

Lipoti la UN Women ndi UNODC, nthambi za bungwe la United Nations, lotuluka mu November 2024 linati m'chaka cha 2023 amayi ndi atsikana pafupifupi 51,100 padziko lonse anaphedwa ndi amuna awo, zibwenzi zawo kapena abale awo. Ndiye kuti 140 tsiku lililonse. Mwa amenewa, pafupifupi 21,700 anali a muno mu Africa, kuposa chigawo china chilichonse. Wapolisi aliyense wa CID amazidziwa zimenezi popanda lipoti: mayi akapezeka atafa, woyamba kufunsidwa ndi amene amagona naye chipinda chimodzi. Ndikaziganizira, buku lachikondi ndi la atekitivi ndimawaona ngati nsalu imodzi yodulidwa pawiri. Lachikondi limathera pa tsiku la ukwati, la atekitivi limayambira pa mtembo, ndipo zaka za pakatipo, zimene amayi ambiri akukhalamo panopa, olemba a mbali zonse ziwiri amazilumpha.

N'chifukwa chake pa mabuku onse a mitundu iwiriyi amene ndawerenga zaka zapitazi, limene ndimaliika pamwamba ndi kabuku kakang'ono ka Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria, My Sister, the Serial Killer, kotuluka mu 2018, komwe chaka chotsatira kanalowa pa mndandanda wa mabuku opikisana pa mphoto ya Booker. Mulibe ndagi, wakupha watchulidwa kale pachikuto. Ayoola ndi chiphadzuwa cha ku Lagos chimene zibwenzi zake zimathera ku mpeni. Akapha amaimbira foni mkulu wake Korede, namwino waukhondo wonyanyira, amene amabwera ndi magolovesi ndi mankhwala otsukira kudzachotsa magazi n'kuthandiza kutaya mtembo. Zivuta pamene dokotala amene Korede amamukonda mwakachetechete kuchipatala kwawo apempha nambala ya Ayoola.

Kabukuka kamaseketsa, koma kamachita zimene enawo akuzemba. Mwamuna wolota chikondi kamamuonetsa kuti wakonda nkhope chabe, moti ngakhale achenjezedwe samva. Wophedwa kamamupatsa abale: mnyamata wina wolemba ndakatulo ataphedwa, mlongo wake akumufunafuna pa intaneti, ndipo Korede akulephera kugona. Ndiponso kamabwerera m'mbuyo kukationetsa kumene mpeniwo unachokera, kwa bambo wa atsikanawa, munthu wolemekezeka pagulu amene kunyumba ankawakwapula ndi ndodo, achibale n'kumamutamanda ngakhale atamwalira. Chikondi chenicheni m'bukumu ndi cha pachibale, ndipo ndi chomwecho chimene chikubisa mitembo. Wowerenga wa kuno sangavutike kuchimva. Ndi mabanja angati amene akudziwa chimene mwana wawo anachita kwa mkazi wake woyamba, koma anapita kukamuimira pa chinkhoswe chachiwiri?

Buku la Osman mwanayo anandibwezera atawerenga theka, akuti nkhalamba zake zimalongolola. Ndinamupatsa la Braithwaite. Analimaliza usiku umodzi, m'mawa n'kundipeza ndikuchapa kuseri, nakhala pa ndowa yovundikira. Sananene kuti wasiya mabuku ake aja, ndipo ndikudziwa kuti sanasiye, chifukwa usiku womwewo kuwala kunabwereranso pansi pa chitseko. Anangoti Korede wamukwiyitsa, chifukwa mpaka pomaliza wasankha m'bale wake. Ine ndinati inde, n'zimene wolembayo akufuna kuti zitipweteke. Anakhala chete akuyang'ana botolo la Jik limene linali pambali pa beseni.

"Nanga Anti, akanakhala adadi. Akuimbirani foni 2 koloko usiku, akuti bwera msanga mlongo wanga, ndalakwitsa, usauze munthu. Mukanapita?"

Achimwene angawo ndi amene anandilipirira fizi kuyambira Fomu 1 mpaka kumaliza, bambo athu atamwalira. Ndinamuuza kuti andipatsire mapegisi, zovala zingachedwe kuuma.